Nsomba zikamayasama pamwamba pa damu m'bandakucha

Okutobala akangolowa, dandaulo la alimi a nsomba limakhala limodzimodzi kulikonse: "Nsomba zanga zafa usiku, wina wandithirira mankhwala." Mawu amenewa inenso ndinawalankhulapo. Ndinafika pa damu dzuwa litakwera kale, chidebe cha madeya chili m'manja, n'kupeza makumba akuluakulu amene ndinkawerengera kuti ndigulitsa pa Khirisimasi ali chagada m'mphepete mwa udzu, mimba zili mbee. Tiana tokha n'timene tinkasambira. Mtima unathamangira kwa anthu osalakwa, ndipo mpaka lero ndimamva chisoni ndikakumbukira zimene ndinawaganizira m'mawa umenewo.

Alangizi atabwera sanafunse za adani. Anavula nsapato, napinda buluku, n'kulowa m'damumo. Pakati penipeni madzi anawalekeza m'maondo. Anatapa matope apansi, akuda bii, onunkha ngati dzira lovunda, n'kundionetsa. "Bambo, manyowa munathira liti?" Ndinali nditathira a nkhuku masiku atatu m'mbuyomo, ndipo masiku awiri otsatizana kunali mitambo yopanda mvula, kukutentha, kamphepo kali zii. Iwo anangoti, "Nsombazi palibe wazipha. Zabanika."

Madamu athu ambiri tinawakumba potengera nyengo imene tinakuliramo, pamene mvula inkayamba mu Novembala n'kugwa mwaulemu mpaka Epulo, akasupe osaphwa. Pano chilimwe chikutalika, kutentha kukuwonjezeka, mvula ikabwera ikumabwera yonse tsiku limodzi, kenako ng'amba pakati pa dzinja. Damu losaya limene linkapirira kale, lero silikupirira. Zimene ndalemba apazi ndi za inu alimi anzanga amene vutoli limakubwererani chaka ndi chaka.

Chimene chimachitika usiku

Nsomba zimapuma mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzi. Madzi akamatentha, mpweya umene angasunge umachepa: pa madigiri 20, lita imodzi imatha kusunga pafupifupi mamiligalamu 9, koma pa madigiri 30 imasunga pafupifupi 7.5 basi, ndipo kumalo okwera monga Dedza kapena Mzuzu imachepera apo. Nthawi yomweyo thupi la nsomba likatenthedwa limagwira ntchito mofulumira, ndiye limafuna mpweya wambiri. Tizilombo towoletsa manyowa ndi madeya otsalira pansi natonso timafulumira, n'kumalimbirana mpweya womwewo ndi nsomba.

Kubiriwira kwa madzi kumene timakufuna kuja ndi tindere ting'onoting'ono. Masana dzuwa likamawala timapanga mpweya, koma usiku timasiya kupanga, n'kumapuma nawo ngati wina aliyense. Choncho mpweya umachuluka masana, umayamba kutsika dzuwa likalowa, ndipo umafika pochepetsetsa m'bandakucha, cha m'ma 4 mpaka 6 koloko. Masana kukachita mitambo, tindere sitipanga wokwanira kusungira usiku. N'chifukwa chake masiku oopsa kwambiri ndi aja a chifundi mvula ikamakonzeka, kumwamba kuli bii koma osagwa.

Mlimi amene amapita ku damu 8 koloko sangaone chilichonse, chifukwa pofika nthawi imeneyo dzuwa lakonza kale zinthu, kapena nsomba zafa kale. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika, dzukani nkhuku zikamalira kachiwiri, pitani ndi tochi. Mukaona timilomo tambirimbiri pamwamba pa madzi, tikutsekuka ndi kutsekeka, makamaka pafupi ndi polowera madzi, dziwani kuti damu likukuchenjezani. Ombani m'manja. Zikamwazika n'kumira, mudakali ndi mpata. Zikangokhala osathawa, zafooka, thamangani.

Kusiyanitsa mpweya, poizoni ndi matenda

Musanaloze munthu chala, yang'anani zinthu izi. Mpweya ukasowa, zimayamba kufa ndi nsomba zikuluzikulu, zimafa usiku kapena m'mamawa, kukamwa kuli yasa, ndipo zotsala zimatsitsimuka dzuwa likakwera. Mlamba sufa nawo, chifukwa uli ndi chiwalo chake m'mutu chopumira mpweya wapamwamba. Achule ndi mbululu zimakhala bwinobwino.

Poizoni alibe nthawi. Kaya ndi katupe, kaya ndi mankhwala a mbozi amene wina watsukira mpope wake mumtsinje kumtunda, amapha ngakhale masana, amayambira tiana, nsomba zimazungulirazungulira ngati zaledzera, ndipo mbululu, tizilombo ta m'madzi ndi milamba yomwe zimapita. Nsomba zotere musadye, musagulitse, musapatse ziweto. Zikwirireni, tsekani polowera madzi, kauzeni alangizi.

Matenda amapha pang'onopang'ono, lero zitatu, mawa zisanu, ndipo thupi la nsomba limaonetsa zilonda kapena zoyera ngati thonje. Za zimenezi ndinena m'munsimu.

Mwazipeza zikuyasama, chitani izi

Choyamba, chakudya chibwerere kunyumba. Apa m'pamene ambiri timalakwitsa, chifukwa tikaona nsomba zili pamwamba timati zili ndi njala, n'kuwaza madeya. Nsomba ikadya imafuna mpweya wowonjezera kuti igaye chakudyacho, ndipo madeya osadyedwa amakawola pansi. Nsomba siingafe chifukwa chogona ndi njala masiku awiri. Manyowanso imitsani. Ngati muli ndi thumba la manyowa lomwe munaliviika pakona, litulutseni.

Chachiwiri, lowetsani madzi atsopano ngati alipo. Asalowe mwakachetechete pansi. Agwe kuchokera pamwamba, amenye pamwala kapena pa chidutswa cha lata kuti amwazike, chifukwa madzi akamawazika m'pamene amatenga mpweya. Madzi a pachitsime kapena pamjigo amatuluka pansi alibe mpweya wokwanira, choncho amenewa ndiye ofunika kuwamwaza kwambiri. Ngati paipi yanu yotulutsira imatha kukoka madzi apansi, tulutsani apansiwo, ndiwo oipa.

Ngati madzi atsopano palibe, gwiritsani ntchito omwe alipowo. Amene muli ndi pampu, yopalasa kapena ya injini, kokani madzi a pamwamba n'kuwapopera m'mwamba kuti agwerenso m'damu ngati mvula. Pampu ya sola yopanda batire siikuthandizani m'bandakucha, muziganizire zimenezi pogula. Opanda pampu itanani a pabanja, aliyense ndi ndowa kapena beseni, muzitunga ndi kuwaza m'mwamba, ena azimenya pamwamba pa madzi ndi nsungwi. Chitani zimenezi mutaima m'mphepete, mbali imodzi, kuti pakhale malo amodzi amene nsomba zingathawireko. Musalowe m'damu n'kumapondaponda, chifukwa mukavundula matope akuda aja mumatulutsa mpweya woipa n'kumaliza wabwino wotsalawo. Pitirizani mpaka dzuwa liwale bwino ndi nsomba zimire zokha.

Zakufa zichotseni msanga. Kenako khalani pansi muvomereze kuti ngati zachitika lero, zichitikanso mawa, chifukwa chimene chachititsa chidakalipo. Njira yotsimikizika ndi kuchepetsa nsomba. Kokani khoka la maso akulu m'mawa kukadali kozizira, tsiku limene nsomba zatsitsimuka, chotsani zikuluzikulu mugulitse. Mtengo ungakhale wosakoma, komabe nsomba yamoyo ili ndi mtengo, yovunda ilibe.

Mkono wanu ndi chipangizo chokwanira kuyezera madzi. Ulowetseni m'madzi chikhatho chili chotambasula. Chikhatho chikasowa mkono utalowa mpaka m'chigongono, kubiriwira kuli bwino. Chikasowa mkono usanafike ndi theka lomwe, madzi abiriwira mopitirira, lekani manyowa ndipo sinthani ena mwa madziwo. Mukaona madzi omwe anali obiriwira asanduka ofiirira mwadzidzidzi, tindere tafa, ndipo usiku umenewo musagone tulo.

Pa chakudya, m'nyengo yotentha dyetsani cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa mpweya utabwerera, ndiponso masana dzuwa lisanapendeke kwambiri. Kudyetsa madzulo kuli kachisisira n'kuziika nsomba pamavuto, chifukwa zimagaya chakudyacho nthawi imene mpweya ukutsika. Perekani chimene zingamalize m'mphindi 15 kapena 20. Tsiku la mitambo chepetsani ndi theka.

Chizimalupsa chagwa, m'mawa nsomba zafa

Izi zimadabwitsa ambiri, chifukwa timayembekeza kuti mvula ibweretsa mpumulo. M'chilimwe madzi a m'damu amagawika: apamwamba otentha ndi a mpweya, apansi ozizirirapo koma opanda mpweya. Mvula yamphamvu yozizira ikagwa ndi chimphepo, madzi apamwamba amazizira mwadzidzidzi n'kumira, apansi aja n'kukwera, zonse n'kusakanikirana. Kuwonjezera apo, madzi oyamba othamanga amakokolola phulusa la lupsa, ndowe, dothi ndi zinyalala za miyezi isanu ndi umodzi, zonse n'kuthera m'damu.

Mankhwala ake ndi khasu. Mvula isanayambe kumbani ngalande kumtunda kwa damu yopatutsa madzi othamanga kuti adutse m'mbali. Madzi olowa m'damu azilowa pamene inu mwawatsekulira. Mvula yoyamba ndi yachiwiri tsekani polowera, mulole mtsinje uyambe wadzitsuka. Tsiku la mvula yoteroyo musadyetse, ndipo m'bandakucha wake mukhale muli pa damu ndi ndowa.

Madzi akuphwa nsomba zisanakule

Vuto ili lakula kwambiri kuchokera pa chilala cha 2015 ndi 2016, ndipo linabweranso mu 2024 pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Koma musafulumire kunena kuti ndi dzuwa. Madamu ambiri amataya madzi pansi kuposa m'mwamba.

Yesani chonchi. Dzazani ndowa ndi madzi, muiike m'damu pamalo osaya, itsamire bwino, kukamwa kwake kuli pamwamba. Lembani chizindikiro pamene madzi alekezera m'ndowamo, ndipo zikani ndodo m'damu n'kulembanso pamene alekezera. Tsekani polowera ndi potulukira, dikirani masiku awiri kapena atatu. Zimene zatsika m'ndowa ndi zimene dzuwa ndi mphepo zamwa. Ngati pa ndodo patsika kwambiri kuposa m'ndowa, damu lanu likudontha. Zungulirani khoma kunja kwake, muone pamene pali chinyezi kapena udzu wobiriwira mosiyana ndi pena. Yang'anani mauna a nkhanu ndi a mbewa, chiswe, mizu ya mitengo imene inawolera m'khoma. Pamene mwapeza, kumbani mpaka pouma, tsirani dongo lonyowa pang'onopang'ono mukusinja. Bulugamu asakhale pafupi ndi damu kapena kasupe wake.

Ngati vuto ndi dzuwa, yankho ndi kuya. Damu lolekeza m'maondo limatentha lonse mpaka pansi masana, n'kuzizira lonse usiku, ndipo nsomba zilibe kothawira. Likafika mita imodzi kosaya ndi mita imodzi ndi theka kozama, limasunga madzi nthawi yaitali ndipo kutentha kwake sikusinthasintha kwambiri. Kupitirira apo kwambiri sindikulimbikitsa, chifukwa madzi apansi opanda mpweya aja amachuluka. Ambiri madamu athu anali akuya pokumba, koma matope a zaka zambiri anawadzaza. Mukakolola, phwetsani damu, liume mpaka pansi pang'ambike, chotsani matopewo mukathire kudimba, ndi manyowa abwino zedi. Kenako wazani laimu wa m'munda, magalamu 100 mpaka 200 pa sikweya mita iliyonse, musanalowetse madzi. Laimu wopaka nyumba ndi waukali, musamuthire m'damu muli nsomba.

Pali phunziro limene ndinalitenga ku Nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka thope, mabwato ali pamtunda ku Kachulu. Komabe madzi akabwerera, matemba, makumba ndi milamba zimabwereranso, chifukwa mbewu yake imabisala m'maiwe akuya a mitsinje yothira m'nyanjayi monga Likangala, Domasi ndi Phalombe. Inunso kumbani dzenje lozama pakona ya damu, kumbali yotulukira madzi. Madzi akaphwa, nsomba zoswa zimasonkhana mmenemo. Ikani mthunzi wa udzu kapena makuti pamwamba pa mbali ina ya dzenjelo, ndipo tchingirani mbalame, ng'azi ndi akatumbu, chifukwa madzi akachepa onsewa amaona phwando.

Kalendala nayonso isinthe. Dzifunseni moona mtima kuti madzi anu amakhala odalirika miyezi ingati, osati zaka zabwino, koma zaka zoipa. Ngati ndi isanu ndi umodzi, ikani mbewu ya nsomba madzi akangokhazikika, ndipo ikhale yokulirapo, osati tiana tongoswedwa kumene, kuti mukolole madzi asanathawe. Pamene madzi ndi osadalirika musapitirire nsomba ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita. Makumba amaswana msanga m'damu, moti munaika 500 koma pofika Okutobala muli zikwi, zonse zikulimbirana mpweya, choncho muzipungula tiana. Mlamba umapirira madzi ochepa kuposa chambo, ndipo chilunguni chimadya masamba a chinangwa, a mbatata ndi udzu wanthete, zomwe zimathandiza chaka chimene chimanga chavuta madeya n'kukwera mtengo. Za mbewu yabwino funsani ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu kapena ku malo a kafukufuku wa ulimi wa nsomba ku Domasi.

Madzi osefukira

Amene ali ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje safunika kuwafotokozera. Anamondwe aja, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu Malichi 2023: madamu ena anakwiririka ndi mchenga, ena makoma anagumuka, nsomba n'kupita ndi madzi. Namondwe wa msinkhu wa Freddy palibe khoma limene lingamuletse, koma madamu ambiri amagumuka ndi mvula yocheperapo, chifukwa chosowa potulukira madzi.

Madzi akadutsa pamwamba pa khoma amalidya kuchokera kunja mpaka kulidula. Siyani theka la mita pakati pa madzi ndi msonga ya khoma. Kumbani potulukira madzi osefukira, potakata, pa nthaka yolimba ya m'mbali osati pakati pa khoma lomwe munaunjika, muyalepo miyala kapena kapinga, n'kutchingapo ndi sefa kuti nsomba zisatuluke. Sefayo muziichotsa zinyalala mvula ili mkati, chifukwa ikatsekeka ndi chimodzimodzi kuti palibe. Bzalani kapinga pakhoma ndi vetiva m'mizere kumtunda. A zanyengo akachenjeza pa wailesi kuti kukubwera namondwe, tsitsani madzi pang'ono, ndipo nsomba zimene zafika pogulitsa zikololeni.

Madzi akaphwera musangowonjezera mbewu. Chigumula chimalowetsa milamba ya kumtsinje imene imadya tiana, ndiponso chimabweretsa matenda. Kokani khoka muone chimene chatsala, ndipo ngati n'kotheka phwetsani, umitsani, thirani laimu, muyambirenso.

Chisanu ndi zilonda

Juni ndi Julayi, makamaka kumapiri ndi kumene chiperoni chimakhala masiku angapo, nsomba zimasiya kudya. Madzi akatsika pansi pa madigiri 20 chambo ndi makumba sizikula kwenikweni. Amenewa si matenda. Chepetsani chakudya, dyetsani masana dzuwa lili pamutu, dzazani damu kuti likhale lakuya, dulani nthambi zotchinga dzuwa la m'mawa, ndipo musazigwiregwire ndi khoka, chifukwa nsomba yozizidwa ikakalika khungu siichira msanga.

Koma mukaona timadontho tofiira pathupi timene tikusanduka zilonda zakuya, zonyeka mpaka mnofu kuonekera, imeneyo ndi nkhani ina. Matenda a zilonda otchedwa EUS anatsimikizika koyamba m'Malawi mu 2020 ku Mchinji, atavutitsa kale mumtsinje wa Zambezi. Amayamba ndi nkhungu ya m'madzi, ndipo amakonda nyengo yozizira ndiponso pambuyo pa mvula yambiri. Mankhwala ochiritsa nsomba zodwala m'damu palibe, choncho ntchito yonse ndi kuteteza kuti asafalikire. Uzani alangizi tsiku lomwelo. Nsomba zodwala ndi zakufa zikwirireni kapena kuzitentha, musaziponye mumtsinje. Musatulutsire madzi a damu lodwala kwa anzanu a kumunsi, musagulitse mbewu yochokera mmenemo, ndipo khoka limene lalowamo lisapite ku damu lina lisanachapidwe ndi kuumitsidwa padzuwa mpaka gwaa. M'magulu mwathu timabwerekana khoka limodzi mudzi wonse, ndiye gwirizanani kuti likachoka pa damu lililonse lizigona padzuwa tsiku lathunthu lisanapite kwa wina.